Mamotobomba kumtunda, madimba auma kumunsi, tithandizane nzeru

NaPhiri wa ku Domwe:
Mwaswera bwanji abale nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani ya kwathu ikufunika nzeru zanu, makamaka inu amene munaziwonapo zotere. Kamtsinje komwe timathirira madimba kauma Seputembala asanathe nkomwe, pomwe zaka zonse kamatifikitsa mpaka mvula yoyamba ngakhale kakuyenda pang'onopang'ono. Chifukwa chake sichobisika ayi, kumtunda kuli mamotobomba atatu, makina aja opopa madzi, eni ake atchinga madzi ndi matumba a mchenga ndiye akumapopa m'mawa ndi madzulo kuthirira mbatatesi ndi kabichi. Ife akumunsi timathirira ndi makheni ndi zidebe, mpiru ndi tomato zapserera, ng'ombe zasowa pomwera ndiye abusa akuzibweretsa pa mjigo pomwe timatunga madzi akumwa, dzulo amayi awiri anatsala pang'ono kugwirana pakhosi ndi anyamata a ng'ombe. Tsopano achinyamata akumunsi akuti apita usiku akang'ambe matumbawo. Ine sindikufuna zifike pamenepo. Tiyambire pati?

aBanda a ku Ulongwe:
Pepani mayi. Kwa anyakwawa mwapitako?

NaPhiri wa ku Domwe:
Tinapita bambo, koma mmodzi mwa eni mamotobombawo ndi mphwawo weniweni, ndiye anthu akumunsi sakukhulupirira kuti angaweruze bwino. Iwo anangoti dikirani mvula ili pafupi. Mvula yake iti, ino ndi Okutobala kumayambiriro.

aMbewe mlimi wa mbatatesi:
Ndilankhuleko ine chifukwa motobomba ndili nayo, ngakhale si ku Domwe. Anthu amaona ngati ife ndife adyera koma makinawo tinagula ndi ndalama ya fodya ya chaka chathunthu, ena anachita kukongola, mafuta akukwera tsiku ndi tsiku, mbewu ya mbatatesi ndi feteleza nazo sizotchipa, ndiye ukathirira theka nkusiya ndiye kuti wataya zonse. Komanso amene amagwira ganyu m'minda yathu ndi ana a anthu akumunsi omwewo. Musamangoti chotsani matumba osaganiza kuti munthuyo ngongole abweza bwanji.

NaPhiri wa ku Domwe:
Zangongolezo ndikuzimva achimwene, ine sindikuti atenthe makina awo. Koma nanenso ndiwo za m'dimba ndi zomwe ndimagulira sopo ndi makope a ana. Kodi dimba langa ndi locheperapo mtengo chifukwa ndimathirira ndi manja?

Aphunzitsi a ku Tsangano:
Ndiloleni ndiyike lamulo patebulo kaye kuti tizikangana tikudziwa pomwe tayima. Dziko lathu la Mozambique lili ndi lamulo la madzi lotchedwa Lei de Águas la 1991, nambala 16/91. Lamuloli limati madzi a m'mitsinje, m'nyanja ndi apansi panthaka ndi a boma m'malo mwa anthu onse, palibe amene angati mtsinje uwu ndi wanga chifukwa choti ukudutsa m'munda mwake. Ngakhale uli ndi DUAT, pepala laboma lokulola kugwiritsa ntchito malowo, pepalalo likukamba za nthaka, silikupatsa mtsinje. Ndiye lamulo limagawa kagwiritsidwe ka madzi pawiri. Koyamba ndi kagwiritsidwe ka aliyense, kumwa, kuphika, kuchapa, kumwetsa ziweto ndi kuthirira kadimba kakang'ono popanda makina, zimenezi ndi zaulere ndipo sizifuna chilolezo. Kachiwiri ndi pomwe munthu wabweretsa makina kapena watchinga mtsinje, apa pamafunika chilolezo chochokera ku ARA, ofesi ya boma yoyang'anira madzi m'chigawo, aja kuno tinkawadziwa kuti ARA-Zambeze. Ndipo madzi akachepa, oyamba kuganiziridwa ndi akumwa anthu. Choncho mayi a ku Domwe, zidebe zanu ndi ng'ombe za abusawo lamulo lili kumbali yanu, amene akuyenera kufotokoza ndi amene watchinga.

aMbewe mlimi wa mbatatesi:
Aphunzitsi ndi ulemu wonse, ndi mlimi uti wa ku Angónia kuno amene anakwera basi kupita ku Tete kukatenga chilolezo cha kamotobomba kamodzi? Tikatsata zimenezo ndiye kuti msika wa Ulongwe utsekedwa.

Aphunzitsi a ku Tsangano:
Mukunena zoona ndipo sindikuti mayiwa athamangire kukasuma. Ndikuti popita kubwalo aliyense adziwe kuti akumunsi sakupempha chifundo, akupempha gawo lawo. Munthu akadziwa zimenezo amakambirana mosiyana. Njira ya milandu ndi yomaliza chifukwa imachedwa, chigamulo chizibwera mu Febuluwale mtsinje utasefukira kale, chidani chokha nchimene chatsala.

NaNkhoma wa ku Changara:
Inu a ku mapiri mukudandaula kamtsinje kuuma mu Seputembala, kuno ndi moyo wathu chaka chilichonse. Dzuwa la ku Changara mumalidziwa. Luenha amachokera ku Zimbabwe, chilimwe chikafika timitsinje tolowa m'menemo timasanduka mchenga wokhawokha ndiye timafukula pamchengapo madzi nkumatuluka pansi. Chimene chinatithandiza kwathu ndi kusiyanitsa malo basi. Zitsime zofukula zakumtunda ndi za anthu, timazitchinga ndi minga kuti mbuzi ndi ng'ombe zisalowe, zakumunsi ndi za ziweto, zochapa nazo zili ndi pake. Ndipo amene amayang'anira ndi amayi achikulire amene amakhala pomwepo kuyambira mbandakucha, osati abambo amene amamva nkhani ya madzi madzulo pobwera kumowa. Chaka cha El Niño chija, 2024, chimanga chinapsa chonse koma pa madzi sitinamenyane, chifukwa lamulo lake linalipo kale njala isanafike. Mayi anga a ku Domwe, pamsonkhanowo musalole kuti amayi mukhale kumbuyo mukungowomba m'manja, amene mumatunga ndinu ndiye mukudziwa kuti chidebe chikudzaza mphindi zingati lero kuyerekeza ndi mwezi watha.

aBanda a ku Ulongwe:
Apa mwalasa mayi. Abusa a ng'ombe nawonso aitanidwe, kawirikawiri ndi tianyamata tating'ono ndiye anthu amaiwala kuti tili ndi pakamwa, koma ndi amene amadziwa pomwe pali dziwe losaphwa.

Mnyamata wa ku Songo:
Ine ndimakhala pafupi ndi damu la Cahora Bassa ndiye nkhaniyi ndikuyiona mwa mtundu wina. Zimene zikuchitika pa kamtsinje ka amayiwo ndi zomwezo zimachitika pa Zambezi, kungoti pano okangana ndi mayiko. Cahora Bassa anamalizidwa mu 1974, ali ndi makina asanu opanga magetsi okwana 2075 MW, ndipo kuyambira 2007 ndi pomwe Mozambique inatenga gawo lalikulu la HCB, kampani yoyendetsa damuli, kuchoka m'manja mwa Portugal. Koma madzi amene amadzaza nyanjayi ambiri amadutsa kaye ku Kariba, komwe amayendetsa ndi a Zambia ndi Zimbabwe kudzera mu Zambezi River Authority, ena amabwera ndi Kafue, ena ndi Luangwa amene amalowera ku Zumbo. Ndiye ife kwa a Kariba ndife akumunsi, koma kwa anthu a ku Tete, Mutarara mpaka Marromeu ndife akumtunda. Mu 2024 mvula itakana, Kariba anatsika kwambiri mpaka ku Zambia magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, kunonso nyanja inabwerera m'mbuyo asodzi a kapenta anaziona okha. Palibe dziko linatumiza asilikali kukatsegula damu la mnzake. Mayiko asanu ndi atatu amene ali m'chigwa cha Zambezi, Angola, Namibia, Botswana, Zambia, Zimbabwe, Malawi, Tanzania ndi ife, ali ndi bungwe lotchedwa ZAMCOM, mgwirizano wake unasainidwa ku Kasane mu 2004, unayamba kugwira ntchito mu 2011, ofesi ili ku Harare. Pamwamba pake palinso pangano la SADC la 2000 lokhudza mitsinje yogawana. Mfundo zake ndi zosavuta kumva, aliyense agwiritse ntchito moyenera, usamupweteke mnzako wakumunsi, ndipo ukafuna kumanga china chachikulu pamtsinje uyambe wawauza anzako.

aMbewe mlimi wa mbatatesi:
Za ku Harare zikukhudzana bwanji ndi matumba a mchenga a ku Domwe mphwanga? Amenewo amakumana m'mahotela.

Mnyamata wa ku Songo:
Zikukhudzana pa chinthu chimodzi achimwene, kuuzana zoona za kuchuluka kwa madzi. Oyendetsa madamu amapatsana manambala, alowa ochuluka bwanji, titulutsa ochuluka bwanji, liti. HCB ikafuna kutsegula zitseko zambiri amalengeza pa wailesi kuti amene ali ndi minda m'zilumba ndi m'mbali mwa mtsinje asamuke. Sindikunena kuti zonse zimayenda bwino, alimi ndi asodzi akumunsi kwa damu ali ndi madandaulo awo akalekale chifukwa madzi osefukira amene ankabweretsa chonde pa nyengo yake anasintha. Koma pomwe pali nambala yomwe onse akuyiona, mkangano umachepa. Ku Domwe kuja panopa akumtunda akuti timangotenga pang'ono, akumunsi akuti mukutenga onse, palibe amene angatsimikize. Zikani mtengo pamalo amodzi kumunsi kwa matumbawo, muulembe mizere ndi penti, onse awone. Madzi akatsika kupitirira mzere womwe mwagwirizana, makina azime mpaka abwerere.

Aphunzitsi a ku Tsangano:
Ya mtengo wolemba mizereyo ndaikonda. Palibe chogula kupatula kachitini ka penti.

Agogo aJere:
Ana inu ndikuwerenga zonse, mdzukulu wanga ndi amene akundilembera. Kale kuno ku Angónia dambo linali ndi malamulo ake. Pa kasupe sipankadulidwa mtengo, mikuyu ndi mikundi yam'mbali mwa madzi inkasiyidwa, munthu sankalima mpaka kukhudza gombe, ndipo wopatutsa madzi ndi ngalande ankadziwa kuti ayenera kuwabwezera mumtsinje kumapeto kwa dimba lake. Titabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha mu 1992, anthu tinachuluka, aliyense anathamangira m'dambo, mitengo inapita ku zigafa za fodya ndi ku makala. Ndiye musamangoloza makina okha, mtsinjewo unayamba kudwala kalekale, makinawo angomalizitsa. Za anyakwawa zija, mwambo ulipo, mlandu ukakhudza m'bale wa woweruza amaitana mfumu ya mudzi woyandikana kapena kukwera nawo kwa amfumu aakulu, iye nkukhala pambali ngati mboni. Sikunyoza kumeneko, nkumuteteza iye yemwe kuti mawa asamanenedwe. Mupite mwaulemu mukawauze choncho, akakhala anzeru avomera msanga.

NaPhiri wa ku Domwe:
Zikomo agogo. Zoitana mfumu ina ija sitinaiganize, timaopa kuti aziona ngati tawadumpha.

Agogo aJere:
Musawadumphe, apite okha kukaitana mnzawoyo. Inu mungopempha.

aZulu a ku malire:
Kwathu kuno ku Tsangano mbali ya Biriwiri nkhani yake imavutirapo chifukwa msewu ndiye malire, uku Mozambique uku Ntcheu, anthu ndi amodzi, maliro timayendera limodzi, ena amalima uku nkumagona uko. Kuli mjigo wina umene anthu a mbali zonse amatungapo ndiye utawonongeka panabuka nkhani yoti a ku Malawi asatungenso poti sasonkha. Iwo nawo anati nanga chigayo ndi chipatala mumabwera kwathu bwanji. Zinatha mafumu a mbali ziwiri atakhala pansi, anagwirizana kuti wotunga aliyense asonkhe, wa makwacha apereke makwacha wa metikale apereke metikale, ndipo mukomiti mukhale anthu a mbali zonse. Palibe anapita ku Maputo kapena ku Lilongwe. Ndikunena izi kuti mayi a ku Domwe muonetsetse ngati kumunsi kwanuko kulinso mudzi wina umene umadalira kamtsinje komweko, chifukwa mukagawana awiri nokha, achitatuwo adzabwera chaka chamawa ndi mkwiyo womwewu mwabwera nawo inu.

NaPhiri wa ku Domwe:
Ulipo mudzi wina kumunsi kwathu, ndipo kunena zoona iwo madzi anawathera ife tisanayambe kudandaula.

aZulu a ku malire:
Mwaona. Aitanidwe amenewo.

Mekaniko wa mijigo:
Ndilowepo pa mjigo chifukwa mwaunena mongodutsa koma ndi pomwe pangaphulike ndewu yeniyeni. Mijigo yambiri m'midzi yathu ndi ya mtundu wa Afridev, anaipanga dala kuti anthu a pamudzi azitha kukonza okha, zimene zimatha msanga ndi timipira ta mkati ndi mabushi a pa chogwirira, zinthu zotchipa ndithu. Koma mjigo umene unapangidwira mabanja akumwa ukayamba kumwetsanso khola la ng'ombe umapopedwa usana ndi usiku, timipira timatha mwezi usanathe, ndipo ng'ombe zikamaponda pozungulira simenti imasweka, ndowe ndi matope nkumalowa pansi, mvula yoyamba ikangogwa matenda otsekula m'mimba awo. Ndiye chofulumira kuposa zonse, ngakhale msonkhano usanachitike, ng'ombe zichoke pa mjigo. Kumbani ngalande yochokera pomwe madzi otayika amatsikira muitalikitse ndithu, kumapeto kwake mupange chomwera, muzungulize mpanda pa mjigo. Eni ng'ombe asonkhe mowonjezera chifukwa akugwiritsa ntchito madzi ambiri. Chinanso komiti ya madzi ilipo? Ndalama amasunga ndani, kope lilipo? Ndayenda midzi yambiri, pomwe anthu amakana kusonkha si kuti alibe ndalama ayi, nkuti zam'mbuyomu sanaone komwe zinapita. Msungichuma aziwerenga kope pagulu mwezi uliwonse, zalowa izi, tagula ichi, zatsala izi. Vuto likakula kuposa komiti, monga mapaipi kugwera pansi kapena madzi kutsika kwambiri, mukanene ku SDPI, ofesi ya zomangamanga kuboma la distirito, ndi ntchito yawo.

NaPhiri wa ku Domwe:
Komiti ilipo koma inasankhidwa nthawi yomwe ankakumba mjigo, ena anasamuka, wina anamwalira, kope sindinalionepo.

Mekaniko wa mijigo:
Ndiye musankhe ina pamsonkhano womwewo, ndipo komiti imodzi yomweyo iyang'anire mjigo ndi mtsinje, chifukwa mwaona nokha kuti kuuma kwa uku ndi kumene kwabweretsa ng'ombe uko.

aSakala a ku Chifunde:
Inu bola mukukangana za kuchepa. Kwathu madzi alipo koma ndi ofiira ngati thobwa chifukwa cha okumba golide amene amatsukira dothi mumtsinje, ena amagwiritsanso ntchito mekyule. Amenewo kukambirana nawo nkovuta chifukwa ambiri si apamudzi, lero ali pano mawa apita. Pamenepo mfumu yokha singathe, pamafunika boma.

Aphunzitsi a ku Tsangano:
Zoona bambo Sakala, ndipo imeneyo tiyitsegulire nkhani yakeyake chifukwa ndi yaikulu. Kusiyana kwake ndi kumeneko, a ku Domwe akukangana ndi anthu amene adzakumane nawo kutchalitchi Lamulungu ndi pamaliro, ndiye mgwirizano ungagwire.

aMbewe mlimi wa mbatatesi:
Chabwino, ndamva zonse. Ndinene zomwe ine monga mwini makina ndingavomere ndi zomwe sindingavomere, mwina ziwathandiza mayiwa kudziwa poyambira. Kundiuza kuti ndisiye kuthirira mbatatesi ili pakati sindingavomere, ndipo amene angang'ambe matumba anga usiku ndiye kuti nkhani yathera ku polisi. Koma kupopa mosinthana masiku ndingathe, mbatatesi safuna madzi tsiku lililonse. Makina atatu asalire limodzi, lero uyu mawa uyo, ndipo pakhale masiku ena osapopa konse kuti madzi atsike. Kupopa m'mawa kwambiri kapena madzulo kokha nakonso nkwabwino kwa ife tomwe chifukwa masana madzi ambiri amangouma ndi dzuwa mafuta nkupita pachabe. Matumba asatseke mtsinje wonse, pasiyidwe mpata mbali imodzi. Koma akumunsi nawonso avomere kuti chaka chino madzi ndi ochepa ndithu, ngakhale titazimitsa makina onse sangabwerere ngati kale.

NaNkhoma wa ku Changara:
Apa ndiye mwalankhula ngati munthu wofuna kuti zithe achimwene. Chotsala ndi chilango, wophwanya atani? Popanda chimenecho sabata yoyamba yokha ndi imene adzatsate.

aMbewe mlimi wa mbatatesi:
Wopopa tsiku losakhala lake ataye tsiku lake lotsatira. Akabwereza alipire ku thumba la mjigo. Koma chilango chikhalenso kwa wong'amba matumba ndi wolowetsa ng'ombe m'dimba la mwini.

Agogo aJere:
Ndipo zilembedwe, mafumu onse awiri asainire, pepala lina lipite kwa shefi wa lokalidade, mkulu woimira boma m'dera lanu. Mawu apakamwa chaka chamawa aliyense adzawakumbukira mokomera iye.

aBanda a ku Ulongwe:
Ine ndiwonjezere za mtsogolo pang'ono. Mkangano uwu wabuka chifukwa anthu anadzala kaye nkumawerenga madzi pambuyo. Mvula ikangotha, mwezi wa Epulo kapena Meyi, anthu asanagule mbewu ndi feteleza, ndi pomwe pamafunika kukhala pansi nkuona kuti chaka chino mtsinje uli bwanji, ndiye aliyense adziwe kukula kwa munda womwe angathirire. Munthu amene sanagule mbewu kumuuza kuti chepetsa nkosavuta, koma amene wadzala kale akumva ngati mukumulanda. Alangizi a ku SDAE, ofesi ya distirito yoona za ulimi, angathandize kuyeza zimenezo. Komanso tisaiwale kuti timitsinje ta kuno ku mapiri tambiri timathera mu Revubwe, yemwe uja anagwetsa mlatho ku Tete nthawi ya namondwe Ana mu Januwale 2022. Madzi amene amathamanga nthawi imodzi nkukawononga kumunsi ndi omwewo tikuwasowa mu Okutobala, chifukwa mapiri ali mbee palibe chowagwira kuti alowe pansi. Ndiye m'pepala lomwelo mulembemo zosiya mpata wosalima m'mbali mwa mtsinje ndi kubzala mitengo pa kasupe, eni makina atsogolere chifukwa ndi amene apindule kwambiri madzi akachuluka.

Mnyamata wa ku Songo:
Ndipo mizere ya pa mtengo ija muzilemba m'kope sabata iliyonse, ngakhale nthawi ya mvula. Pakatha zaka ziwiri zitatu mudzakhala mukudziwa mtsinje wanu kuposa wina aliyense wochokera ku ofesi.

NaPhiri wa ku Domwe:
Abale mwandithandiza kwambiri. Madzulo ano ndikakumana ndi achinyamata aja ndiwauze kuti matumba asawakhudze. Mawa m'mawa tipita amayi anayi ndi bambo mmodzi wachikulire kwa anyakwawa kukapempha kuti aitane mfumu ya mudzi wakumunsi ndi eni makina, ndi abusa omwe. Funso limodzi kwa a mekaniko, chomwera ng'ombecho chitalikire bwanji kuchoka pa mjigo, ndipo tingayambe ndi dothi ndi miyala kapena mpaka simenti?

Mekaniko wa mijigo:
Chikhale kumunsi kwa mjigo komwe madzi amatsetserekera, osachepera mamita 30 ngati malo alipo. Yambani ndi miyala ndi dothi la pachulu lotsendera bwino kuti ng'ombe zichoke pamenepo sabata ino, simenti mudzagula eni ng'ombe akasonkha. Munditumizire chithunzi cha malowo ndikuuzeni podutsa ngalande.